Marauta Anayi, Nambala Imodzi

Anawamenya masana, dzuwa lili paliwombo, loja ili yotsegula, anthu akuona.

Dalila anali pamwamba pa makwerero kuseri kwa kauntala, akusuzumira rauta, kabokosi ka intaneti, imene anaikhoma pakhomapo miyezi iwiri yapitayo, pamene galimoto yoyera inaima pakhomo pa loja, sitolo ya a Abdulcarimo, mu bairo ya 25 de Setembro, dera lina la ku Moatize. Munatsika amuna atatu. Patsogolo panali Silvério, kapitawo wa Ulisses, atanyamula chitsulo chomasulira matayala a lole. Ulisses ankadziwika Moatize yense. Anali ndi baraka ya mowa pamsewu wa ku Chipanga, koma chimene chinkamunenepetsa ndi dizilo amene anthu ake ankapopa m'malole a malasha.

"Tiyu, mwaswera?" anatero Silvério, akuitana mwini lojayo monga amalume, ngati wabwera kudzagula misomali.

A Abdulcarimo anali akuyeza mpunga pasikelo. Sanamalize n'kuyankha komwe. Chitsulo chinawapeza pabondo, kunamveka kuti phwa, ngati nkhuni youma ikamathyoka. Anagwera pamatumba a shuga. Mmodzi mwa amunawo anawaponda pakhosi ndi nsapato ya kumgodi, winayo akukankha mashelefu. Zigubu za mafuta ophikira zinang'ambika pansi, mafuta n'kusakanikirana ndi mpunga ndi magazi.

"Mumadziwa kulemba makalata, eti? Mumadziwa kuloweza manambala a malole?"

A Nurbibi, akazi awo, anatulukira kuseri akukuwa, mpango uli m'manja. Silvério sanatembenuke n'komwe. Anangowatchaya ndi chigongono, iwo n'kukagunda firiji ndi msana.

"Mverani, tiyu," anatero Silvério atagwada pafupi ndi khutu la mkuluyo. "Shefi wathu Ulisses akuti inu nokha simungadziwe mayina onse aja. Alipo anakupatsani. Mawa dzuwa likamalowa tibwera kudzamva dzina lake. Kuchipatala komweko tikakupezani. Mukakhala chete tidzayambira bondo linalo, tidzathera pamutu."

Potuluka anakweza maso n'kuona Dalila.

"Iwe mana wa mawaya, waona chiyani?" anafunsa, akumutchula mlongo monga amanenera kumeneko.

"Ndikuona rauta."

"Uziona yomweyo."

Anansi anawanyamulira a Abdulcarimo pachitseko cha kuseri chimene anagulula. Njira yonse mpaka pagalimoto a Abdulcarimo ankangobwereza mawu amodzi: "Kalata yanji? Ine ngakhale chithunzi amanditumizira ndi mdzukulu. Kalata yanji?"

Dalila sanapite nawo kuchipatala. Anapinda makwerero, anapukuta mafuta kunsapato, n'kulunjika ku kaofesi ka kampani imene inkagulitsa intaneti ya pamlongoti, kumene kunkagwira ntchito Quim. Anaphunzira naye kosi imodzi ya makompyuta ku Tete, ndipo ankamudziwa kuti ndi munthu wamantha komanso wokonda mowa waulere.

"Ndiwe wawatumiza kwa mkulu uja," anatero Dalila asanapereke moni.

Quim anatseka chitseko msangamsanga. "Tsitsa mawu, shamwali. Ine ndangowerenga zimene makina alemba."

Anafotokoza akutuluka thukuta. Lachiwiri, folo koloko itangopitirira, munthu wina anatumiza kalata kwa mabwana a kampani ya malole. Munali mayina khumi ndi limodzi, manambala a malole, ndi malo amene amapopera dizilo. Kalaliki wina wa mu ofesimo, amene amadya ndi Ulisses, anaiona kalatayo mabwana asanaione, n'kupereka ola ndi njira imene inadzera. Ulisses anabwera yekha kwa Quim.

"Anaika mpeni patebulo pano, apa. Ukanatani iwe? Makina akuti kalata inatuluka pa rauta ya nambala iyi. Nambala iyi m'kaundula ndi ya Abdulcarimo. Ona wekha."

Dalila anaweramira pagalasi. Zilembo ndi manambala khumi ndi ziwiri, zothera ndi 3F:A2. Anazidziwa monga munthu adziwira chipsera cha pamwendo pake.

Rauta iliyonse imachoka kufakitale ndi nambala yakeyake, imene amisiri amaitcha MAC. Makina a kampani sadziwa nkhope ya munthu, sadziwa loja, amadziwa nambalayo basi. Mphezi itawotcha rauta yakale ya a Abdulcarimo, Dalila anaika nambala ya yakaleyo pa yatsopano, kuti asadikire sabata yathunthu Quim akuzengereza kusintha kaundula. Zinayenda bwino. Zinayenda bwino kwambiri moti anasunga makonzedwe onse a rautayo mu fulashi. Sabata yomweyo anapeza ntchito zina zitatu, marauta a mtundu womwewo, ndipo m'malo mokhala ola lathunthu pa iliyonse ankangolowetsa fulashi, kusintha dzina la netiweki ndi mawu achinsinsi, n'kunyamula chikwama. Mphindi zisanu. Ankadzitama nazo mumtima. Sizinamubwerere m'mutu kuti nambala ija inkayenda nawo mu fulashimo.

N'chifukwa chake a Abdulcarimo ankadandaula masana alionse kuti intaneti yafa. Baraka ikatsegula, marauta awiri ankaitanidwa dzina limodzi pamlongoti umodzi, n'kumalandana. Iye kwa miyezi iwiri ankanamizira fumbi la malasha pa antena.

Anawerenga m'mutu. Loja ya a Abdulcarimo. Saluni ya Ana Paula kumsika, ya pamlongoti wina. Baraka ya Ulisses yemweyo. Ndipo yachinayi inali ku Zóbuè, pamalo odyera a mkulu wake, Hortênsia, amene mwamuna wake Lázaro, dalaivala wa lole, anakana kupopetsa dizilo chaka chatha, n'kupezeka m'kalavati mutu utaphwanyika.

"Makinawa amaonetsa mlongoti umene kalata inadzera?" anafunsa, mawu ali phee.

"Amasunga nambala ndi ola basi. Bwanji?"

"Ndangofunsa."

Kutacha anayambira ku saluni. Anauza Ana Paula kuti wabwera kudzapukuta fumbi, ndipo mwiniwakeyo akuluka mutu wa kasitomala, Dalila anabwezera rautayo nambala yake yobadwa nayo, yolembedwa pakapepala kunsi kwake. Kenako anakwera shapa, minibasi ya ku Zóbuè.

Anakhala pawindo, bondo litapanikizidwa ndi thumba la nsomba zouma. Malole ankawapitirira akuwaza zinyenyeswa zakuda. Atadutsa zigwa zotentha msewu unayamba kukwera, mphepo n'kusintha, m'mbali mwa msewu n'kuyamba kuoneka milu ya mbatatesi ndi kabichi. Iye sankaona zimenezo. Ankaona mpunga ukuyandama m'magazi. Akanena kuti nambala ili pa marauta ambiri, mkulu uja apulumuka, koma Ulisses adzafunsa kuti ena ali kuti. Akakhala chete, dzuwa likamalowa Silvério akalowa m'chipatala ndi chitsulo chake.

Anapeza Hortênsia kukhitchini, akukazinga nkhuku za madalaivala amene anali pamzere wa malire. Ana ake awiri aakazi anali kusukulu.

"Wabwera osaimba n'komwe? Kwagwanji?"

Dalila anakoka chitseko. "Mana, Lachiwiri masana munatumiza chiyani?"

Hortênsia anatembenuza ntchafu ya nkhuku m'mafuta. Anatembenuzanso ina. "Ndinatumiza chimene ndinatumiza."

"Ndiye ndinu."

"Ndine. Miyezi isanu ndi itatu ndikuwapakulira chakudya agalu amenewo, akutchulana mayina pakhonde panga, akuseka. Ndinkalemba pakatoni ya sopo. Silvério anakhala pampando umenewo, akundiuza kuti tsabola wachepa. Dzanja limene linapha Lázaro likunyamula mbale yanga."

"Dzulo athyola bondo la a Abdulcarimo. Lero akawapha. Akuti kalata ndi yawo."

Supuni inaima. "A Abdulcarimo a ku Moatize? Zikuwakhudza bwanji?"

Dalila anafotokoza za fulashi, mwachidule, maso ali pa mafuta owira.

"Ndiye ukuti afa chifukwa cha ine?" anafunsa Hortênsia.

"Kalata ndi yanu."

Pama linamupeza patsaya asanaliyembekeze, lonunkha adyo, lolemera moti mutu unakagunda mphuthu ya chitseko.

"Kalata ndi yanga, ulesi ndi wako! Ndinakuitana kuti undikonzere chinthu, iwe n'kundipachika dzina la munthu wina ngati malaya a pakaunjika. Ukufuna ndikwere shapa ndikadzipereke? Ndisiye ana awiri kuti ntchito yako ioneke yoyera?"

Dalila analawa magazi m'kamwa. Sanabwezere. Zimene ananena mkulu wakeyo zinali zoona, ndipo pa zoona sankataya nthawi.

"Sindinabwere kudzakutengani. Ndipatseni chipini cha m'mutu."

Anakwera pakreti ya zakumwa, anabaya kabowo ka kumbuyo kwa rauta ndi chipinicho mpaka magetsi onse anaphethira, ndipo zonse zimene zinali m'katimo zinafufutika. Anakhala ola lathunthu akuikonza ndi manja, chinthu chimodzichimodzi, monga anayenera kuchitira tsiku loyamba.

"Katoni ija muiwotche. Foni imene munatumizira muiponye m'chimbudzi. Akabwera kudzadya muziwapakulira monga kale, tsabola muzionjezera."

"Nanga iwe ukupita kuti?"

"Kukakonza yachitatu."

Anafika ku Moatize folo koloko ikuyandikira, kutentha kukumata malaya kumsana. Sanadutse kunyumba. Baraka ya Ulisses inali ya malata opaka utoto wobiriwira umene fumbi linaudetsa kale. M'katimo munali amuna asanu ndi mmodzi. Ulisses anali patebulo la pakati akudya nyama ya mbuzi yowotcha, malaya atamasula mabatani. Silvério anali pakona yake ya masiku onse, pansi penipeni pa rauta, miyendo ili pampando, maso ali pafoni. Chitsulo chija chinali chotsamira khoma.

"Mana wa mawaya," anatero Ulisses. "Sindinakuitane. Intaneti yanga ili bwino."

"Siili bwino, patarau," anatero Dalila, akumutchula bwana m'Chipwitikizi. "Ndinalakwitsa poikonza, ndipo kulakwa kwangako kwakunamizani. Mwathyola munthu wosalakwa."

Kutafuna kunaleka. Wina anazimitsa wailesi.

Dalila anatsegula kompyuta yake pakati pa mafupa a mbuzi, anailumikiza ku rauta ya pakhoma, n'kutembenuzira galasi kwa Ulisses. "Imbirani Quim. Akuwerengereni nambala imene inatumiza kalata. Inu muziyang'ana apa."

Ulisses anapukuta zala pabuluku n'kuimba, foni ataikweza mawu. Quim anawerenga akuchita chibwibwi, chilembo chimodzichimodzi, ndipo chala cha mafuta cha Ulisses chinkatsata pagalasi. Chinafika pa 3F. Chinafika pa A2.

"Iyi ndi rauta yanga," anatero Ulisses.

"Ndi yanu. Ndinakopera makonzedwe a kwa a Abdulcarimo n'kuika pano, nambala n'kubwera nawo. Makina a Quim akaona yanu amalemba dzina lawo."

"Khala pansi."

Anakhala. Ulisses anamugwira dzanja lamanja mofatsa, ngati wofuna kuona mphete, n'kuliyala patebulo. Ndi dzanja linalo anatenga botolo la mowa losatsegula.

"Marauta a nambala imeneyi alipo angati?"

"Awiri."

Tako la botolo linatsikira pa chala chaching'ono. Ululu unakwera mpaka m'mano. Dalila anamva mawu ake omwe akukuwa, ngati akuchokera panja. Wina anamugwira mapewa kuti asagwe pampando.

"Munthu waulesi sachita ulesi kamodzi," anatero Ulisses. "Ndakhala ndi antchito ine. Angati?"

"Awiri, patarau. Sabata imeneyo ndinagula awiri."

Botolo linatsikanso, pa chala chotsatira. Ulendo uno linasweka, mowa n'kuthovokera pabala. Dalila anasanza pambali pa tebulo. M'maso munada, ndipo mumdimamo anaona khitchini ya ku Zóbuè, nsapato ziwiri za sukulu zili pakhomo. Analuma lilime.

"Angati?"

"Awiri." Anapuma movutika. "Tengani foni yanga m'thumbamu. Onani Lachiwiri."

Mmodzi mwa amunawo anaitulutsa n'kupatsa Ulisses. Zinalipo: Abdulcarimo, Lachiwiri, folo koloko itapitirira ndi mphindi zisanu, ndiponso kachiwiri patapita mphindi khumi.

"Ankandiimbira kuti intaneti yawo yafa," anatero Dalila. "Imafa masana alionse inu mukayatsa yanu, chifukwa ziwiri za nambala imodzi sizingayende pamodzi pamlongoti umodzi. Funsani aliyense wa mumsewu mwawo, amadandaula tsiku ndi tsiku. Ola limene kalata inatuluka, yawo inali yakufa. Yamoyo inali iyi."

Zonsezo zinali zoona, kupatula chimodzi chimene sanatchule: mlongoti wa ku Zóbuè ndi wina, ndipo rauta ya kumeneko sinkalandana ndi aliyense.

"Mawu achinsinsi a pano munandiuza nokha kuti asapatsidwe kwa makasitomala," anapitiriza. "Ndipo dzulo kapitawo wanu ananena yekha kuti mkulu uja sangadziwe mayina onse aja. Ine sindiwadziwa anthu anu, patarau. Ndimadziwa mawaya."

Sanatchule dzina. Anangokweza mutu n'kuyang'ana pakona.

Silvério anali atatsitsa miyendo. Foni inali idakali m'manja mwake. "Shefi, hule ameneyu akunama. Ine Lachiwiri ndinali..."

"Unali pompo," anatero mmodzi wa anzake, pang'onopang'ono. "Umakhala pompo tsiku lonse. Tikakufunsa umati ukuonera mpira."

"Ndipo mwezi watha unati shefi wakalamba," anawonjezera wina.

"Ndinkaseka! Shefi, zaka zisanu ndi ziwiri ndili nanu. Onani foni yangayi, onani!"

"Ukanasiyamo?" anafunsa Ulisses.

Silvério anayang'ana chitsulo chake pakhoma. Kuyang'anako n'kumene kunamumaliza. Amene anali pafupi anachifika poyamba. Kumenya koyamba kunamupeza pamkono umene anatchingira nkhope, kwachiwiri pabondo, ndipo kunamveka phwa yemwe uja wa dzulo. Anagwa akukoka nsalu ya patebulo, mabotolo akumugwera. Anakwawa kulunjika kukhomo, koma wina anamukokera m'kati ndi mwendo wothyokawo.

"Iwe tuluka," Ulisses anauza Dalila, osamuyang'ana. "Ukatsegula pakamwa ndidzamaliza zala zotsalazo."

Anatseka kompyuta ndi chigongono, anaipanira kukhwapa, natuluka. Kumbuyo kwake wina anakweza wailesi mpaka kumapeto. Ankadziwa bwino lomwe kuti Silvério sanalembe kalata iliyonse. Anafufuza mumtima mwake ngati muli chisoni, napezamo ululu wa zala basi.

Dzuwa linkalowa pamene namwino ankamumanga timitengo kudzanja. Atamaliza, Dalila anapita kuwodi ya amuna. A Nurbibi anali atakhala pampando pakhomo penipeni, mpeni wosendera anyezi uli pamiyendo pansi pa mpango. M'katimo a Abdulcarimo anali chigonere, mwendo uli m'chikhakha, maso ali kuchitseko.

"Sabwera, dona," anatero Dalila. "Lero kapena mawa. Zatha."

"Ukudziwa bwanji?" Maso a mayiyo anatsikira padzanja lomangidwalo. "Wakuchita ndani?"

Akanatha kunena kuti wagwa pamakwerero. Koma anawauza za fulashi ndi za mphindi zisanu zija, osatchula Zóbuè. A Nurbibi anamvetsera mpaka kumapeto, nkhope yosasintha.

"Adokotala akuti sadzayendanso opanda ndodo," anatero. "Munthu amene sanaphepo ngakhale nkhuku popanda kupemphera. Ndiye ukuyembekeza ndikuthokoze chifukwa cha tizala tiwiri?"

"Ayi."

A Nurbibi anamasula mfundo ya pakona ya mpango n'kutulutsa kiyi. Sanamupatse m'manja, anamuponyera pansi.

"Mawa m'mawa ukachotse chinthu chakocho pakhoma langa. Kiyi ukasiye kwa aneba. Usadzapondenso pakhomo panga."

Dalila anawerama n'kutola.

M'mawa mwake analowa mu loja yekha. Munali musanasesedwe. Nyerere zinali zitapanga msewu kuchokera pamatumba a shuga kudutsa pabanga lakuda la pasimenti. Kukwera makwerero ndi dzanja limodzi kunamutengera nthawi, kumasula zomangira zinayi ndi lamanzere kunatenga yoposa. Rauta itatsika anaiika pakauntala, pafupi ndi sikelo imene inali idakali ndi mpunga wa kasitomala wa dzana.

Anatulutsa fulashi m'thumba, kanthu kofiira kosaposa chala chake chothyokacho. Anakaika pasimenti, anatenga mwala wa sikelo wa makilo asanu, n'kukaphwanya katatu.